Kangodya Kopotoka ka a Kalilangwe

Bwana wamkulu wa za nkhalango, a tcheyamani a nthambi yathu ya chipani, Bambo Mfumu, akapitawo nonse, amayi a ku nazale ya mitengo amene mwadzuka ndi chisanu kudzakonza malo ano, anzanga ocheka matabwa ndi oyendetsa malole, achibale amene mwachokera ku Lobi ndi ku Lilongwe, ndi inu eni tsikuli, Bambo Gerevazio Kalilangwe pamodzi ndi mayi Nambewe: ndapereka ulemu kwa nonse. Zikomo pondilola kuima pano.

Ine ndine Kalisto, mlonda wa moto wa pa nsanja ya pamwamba pa phiri. Ambiri mumanditchula kuti Liti. Ndimamva, musaganize kuti sindimva. Dzinalo lidabwera chifukwa cha kafunso kanga: nanga mvula ibwera liti, lole ifika liti, nsapato zatsopano atipatsa liti. Sindikana. Ndine munthu wofuna kudziwa tsiku.

Sukulu ndidalekera Sitandade 4. Pepala ili ndalemba masiku asanu ndi limodzi, ndipo mkazi wanga Dorika walikonza kawiri.  Andipatsa mphindi khumi. Ndayeserera kunyumba ndi wotchi yobwereka, zatuluka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amayi a ku nazale, ndiwo zija muziphule.

Pamene a Kalilangwe adakwera nsanja koyamba, mu 1957, ine ndidali ndisanabadwe. Koma nkhani yake a Ignasio, kapitawo wathu wakale uyo wakhala pafupi ndi khomo, amaifotokoza tsiku lililonse lamvula. Akuti sabata yoyamba yomweyo a Kalilangwe adaona utsi kumunsi kwa phiri. Adagwira nyundo n'kuyamba kuimba chitsulo chochenjezera. Adaimba mpaka mpini wa nyundo udathyoka. Amuna makumi anayi adataya nkhwangwa, adathyola nthambi zozimira moto, adathamanga mamailosi atatu, ena opanda nsapato. Atafika adapeza chiyani? Amayi asanu akuotcha mbiya. Mayi mmodzi adawayang'ana onse makumi anayi, ali wefuwefu, n'kunena kuti, "Mwabwera kudzagula? Sizinapse. Mubwere mawa."

Sekani, koma musaseke kwambiri. Mmodzi mwa atsikana amene ankasonkhezera nkhuni tsiku limenelo ndi awo akhala pambali pawowo. A Ignasio akuti mwezi wonse wotsatira, utsi wa mbiya ukangotuluka, mlonda ankatsika yekha kukaona ngati uli woopsa. Mayi Nambewe, musabise nkhope, tonse tikudziwa.

Manyazi a tsiku limenelo adawaphunzitsa utsi. Adauphunzira ngati mmene ena amaphunzirira katekisimu. Woyera wothamanga ndi wa udzu. Wakuda wolemera ndi wa paini, umenewo thamangani. Wabuluu woonda ndi wa pakhomo pa munthu. Wokwawa pansi ndi wa osaka mbewa. Zaka zino kuli winanso wa nkhondo ya kutsidya kwa malire, umene timangouyang'ana chete osauimbira chitsulo.

Koma chimene adatchuka nacho ndi kutchula nthawi. Munthu wina akaona moto amakuwa kuti moto! Awa ayi. Ankanyowetsa chala, kuchikweza m'mwamba, kuyang'ana udzu, kenaka n'kutenga lamya ya ku ofesi: "Ufika pa mzere wolambula ikamakwana 2 koloko. Idyani kaye." Ndipo anthu ankadyadi kaye. Chaka china kudabwera bwana watsopano, si inu bwana, winayo. Adakalipa kwambiri. "Munthu uyu akuti tidye moto ukubwera?" Moto udafika kutatsala mphindi zisanu kuti 2 koloko ikwane, udapeza amuna okhuta akuudikira, udazima. Madzulo a Kalilangwe adatsika n'kupita ku ofesi chipewa chili m'manja. Adakapepesa chifukwa cha mphindi zisanuzo.

Tsono tifike pa kabokosi. Ndikuona ena mwayamba kale kuseka.

Kwa alendo amene simunakaone: ndi kachinthu kokwana m'dzanja, kambali zisanu ndi imodzi. Mbali iliyonse ili ndi tizigamba ta mtundu umodzi. Ukakapotoza, mizere imazungulira, mitundu n'kusakanikirana. Ntchito yake ndi kubweza mtundu uliwonse kwawo. Basi. Sikalira, sikadyedwa, sikathandiza chilichonse. Mwana wawo Anjelina, uyo wachokera ku Lilongwe, adawabweretsera koyamba mu 1982. Kadali ka mizere itatu, tizigamba naini mbali iliyonse. Adati, "Ababa, mumakhala nokhanokha kumwamba kuja, muzicheza ndi aka." Popanda wowaphunzitsa, popanda buku, adakamaliza m'miyezi inayi. Adayamba mu Juni, mvula yoyamba isanagwe adatsika nako kali bwinobwino. Adakaika pa tebulo la ku ofesi ngati munthu wobwera ndi nyama kuchokera kosaka.

Ine ndidatumizidwa pa nsanja mu 1986 kuti tizisinthana. Ambiri mwa inu simunakwerepo. Makwerero ake ndi makumi asanu ndi awiri, ndimawerenga tsiku lililonse. Mu Juni, m'mawa, nkhungu imadzaza pansi ponse. Tauni kulibe, msewu kulibe, midzi kulibe. Kumatsala nsonga za mapiri zokha, zikuyandama ngati mabeseni pamadzi. Mphepo ikalowa m'mapaini imamveka ngati mvula imene ili m'njira koma siifika. Ine zimenezo zinkandisowetsa mtendere, chifukwa m'nkhungu sungaone utsi. Awa ankakhala pa kabenchi atafunda jekete lawo lija la mabatani osiyanasiyana, akupotoza kabokosi, maso ali kutali.

Tsiku lina adandiitana. "Kalisto, taona. Mbali yobiriwirayi ndi nyemba za kwathu ku Lobi mu Febuluwale. Yoyerayi ndi maluwa a kachewere. Yofiirayi ndi msewu wa ku Mayani. Yachikasuyi ndi udzu wa Ogasiti. Yabuluuyi ndi kumwamba."

Ndidati, "Nanga yalalanjeyo?"

"Umenewo ndi moto. Ndimauika pansi nthawi zonse."

Kenaka adaloza kunja. "Ndimaganiza kuti dziko lonseli kuli wina amalipotoza pang'onopang'ono. Lero walowetsa nkhungu. Mawa abweza nyemba. Ifeyo timaona ngati zasokonekera, koma iye ali pakati pa ntchito."

Ine ndidangofunsa kuti, "Ndiye amaliza liti?" Adaseka mpaka kutsokomola.

Chaka chomwecho Anjelina adatumiza kena, kokulirapo. Ka mizere inayi, tizigamba sikisitini mbali iliyonse. Ine nditakaona ndidatola khala n'kuyamba kulemba pa thabwa la nsanja. Zolembazo zikadalipo, mukhoza kukaona. Nditamaliza ndidati, "Madala, aka kakutengerani miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku atatu."

"Wawerenga bwanji?"

"Ngati ndime ya kolambula. Ndime ikakula, masiku amakula chimodzimodzi. Tizigamba naini tidadya miyezi inayi. Sikisitini tidya isanu ndi iwiri ndi masiku atatu. Ndawerenga kawiri."

Adandiyang'ana mwachifundo. "Kalisto, udachekapo chipika?"

"Zaka ziwiri ndidali kocheka matabwa."

"Chipika chonenepa kawiri, sowo amachidutsa nthawi yowirikiza kawiri?"

Ndidaganiza. "Ayi. Chimadya pafupifupi kanayi."

"Nanga bwanji ukuwerenga kabokosi ngati udzu?" Kenaka adandionetsa china. "Kakang'ono kaja kali ndi kachigamba ka pakati kosasuntha. Kamakuuza kuti kuno ndi kwa ofiira, bwerani kuno. Aka pakati pake pamayenda. Ofiira alibe kwawo mpaka iwe uwamangire. Uli ngati munthu wa m'nkhungu amene phiri silikumuonekera."

"Ndiye inu mukuti liti?"

Adanyowetsa chala, ngati akuyeza mphepo, n'kukagwira kabokosiko. "Zilimwe zitatu. Choyamba ndidzakhala ndikusochera. Chachiwiri ndidzadziwa kumene ndikusochera. Chachitatu ndidzafika."

Ankawerenga zilimwe chifukwa nthawi ya mvula tonse timatsikira ku nazale, ndipo iwo ankati kabokosi ndi ka pa nsanja, sikatsika kasanathe.

Tsopano ndikupempha mundimvetsere, chifukwa apa ndi pamene Dorika adati ndifufute, ine ndidakana.

Ambiri mukudziwa mwana wathu Jestina, uyo ali pamiyendo pa amayi ake. Adabadwa mu Febuluwale 1985, miyezi isanu ndi iwiri yokha. Adali ngati chibakera changa ichi. Ine ndidawerenga monga ndimawerengera zonse. Mwana amayenda pa chaka chimodzi. Uyu wafulumira miyezi iwiri, ndiye timuonjezere iwiriyo: ayenda pa chaka ndi miyezi iwiri. Tsikulo ndidalilemba kuseri kwa chitseko. Lidafika, lidadutsa. Anzake obadwa pambuyo pake adayamba kuthamangitsa nkhuku. Iye ankangokhala pa mphasa, miyendo ili lende ngati zingwe. Ku sikelo ankati, "Abambo, musadandaule, muzibwera naye." Ndikafunsa kuti liti, ankayang'ana khadi. Apongozi ankanena zawo. Anthu a m'mudzi ankanena zawonso, zina sindingazibwereze pamaso pa Bambo Mfumu.

Tsiku lina la Seputembala ndidalephera kupirira. Ndidati, "Madala, inu simuphonya. Moto mumautchulira ola. Ndiuzeni, mwana wanga adzayenda liti?"

Adayang'ana kabokosi. Zala zokha zinkayenda. Kenaka adati, "Ndikadzamaliza aka, mwana wako adzakhala akuyenda."

Lero ndikudziwa kuti adanena pofuna kuti mtima wanga ukhale pansi. Koma ine ndine Liti. Ndidawatenga mawuwo ngati kalata ya ku ofesi ya chidindo. Kuyambira tsiku limenelo, diso limodzi linkayang'ana utsi, lina kabokosi. Akaika pansi kuti amwe tiyi, ndinkati, "Madala, tiyi ndikuziziritsirani, inu pitirizani." Akasanja mbali imodzi, ndinkathamangira kunyumba kukaona miyendo ya mwana. Akaiphwasulanso kuti ayambe njira ina, ndinkayamba kuwerenga masiku mwatsopano. Iwo osafulumira. Nthawi zina ankasiya ola lathunthu n'kumangoyang'ana kabawi akuzungulira pansi pathu.

Mu Ogasiti 1987, chilimwe chachiwiri, a Kalilangwe adapita ku maliro ku Mayani. Kabokosi adakasiya m'chitini chawo cha pansi pa benchi. Dzuwa lili paliwombo, ndidatsegula chitinicho. Ndidaganiza kuti chinthu chopangidwa ndi munthu chimamasuka. Ndikamasule, ndisanje mitundu ndi manja, ndikabweze katatha, mwana wanga aimirire. Ndidalowetsa nsonga ya mpeni pakati pa mizere n'kukanula.

Anzanga, chidaphulika ngati chitheba cha nyemba pa dzuwa. Tizidutswa tidabalalika pa matabwa, tina tidadutsa m'mipata n'kugwera pansi, m'masamba a paini. Ndidatsika makwerero makumi asanu ndi awiri aja osawerenga. Maola atatu ndidakwawa pansi pa nsanja, ndikufukula masamba ngati nkhuku. Tidali tizidutswa makumi asanu ndi tisanu ndi kamodzi. Ndidatipeza tonse. Bwana, maola atatu amenewo phiri lidalibe mlonda. Mukuzimva lero koyamba. Mulungu adalondera yekha, utsi sudatuluke. Zimene munganene Lolemba ndizilandira.

Nditakwera ndidayamba kusanja: ofiira kwawo, oyera kwawo. Ndili pakati, ndidaima. Ndidaganiza kuti, nanga ndikamaliza, n'kutsika, n'kukapeza Jestina akadali pa mphasa? Ndiye kuti mawu a madala afa, ndipo ine ndilibenso tsiku loyembekezera. Ndidachita mantha kuposa poyamba. Ndidangolowetsa tizidutswa mmene tabwerera, mosakaniza, mpaka kabokosi kadatsekeka. Ndidakapukuta ndi malaya n'kukabwezera m'chitini.

Mmawa wake adakatenga, adakatembenuza kawiri, adati, "Kafewa." Basi. Adapitiriza kupotoza.

Chilimwe chachitatu chidafika. Mu Okutobala 1988, monga adanenera, adafika kumapeto. Ndidali pomwepo. Nyemba zidabwerera kwawo. Kachewere kwawo. Msewu wa ku Mayani udawongoka. Ndidaimirira kumbuyo kwawo. Adapotoza komaliza. Zonse zidakhala bwino, kupatula kangodya kamodzi. Kadali pa malo ake enieni, koma kotembenuka: kofiira kakuyang'ana kwa oyera, koyera kwa obiriwira.

Adakayang'ana nthawi yaitali. Adati, "Izi sizichitika." Adasokoneza zonse n'kuyambiranso. Masiku asanu ndi anayi adafikanso. Kangodya kamodzi. Adayambiranso. Kangodya kamodzi. Ine ndinkadziwa chifukwa chake: ndidakalowetsa mopotoka ndi dzanja langa, ndipo palibe kuzunguza kumene kukadakawongola. Koma pakamwa padali potseka. Ndinkapita kunyumba n'kuona mwana wa zaka zitatu ndi theka akudzikoka ndi manja, n'kumati, ndine. Ndapotoza mwana wanga ndi mpeni. Mukhoza kunena kuti ndi maganizo a munthu wosaphunzira. Chabwino. Koma ndidakhala nawo chaka chathunthu, ndipo ngakhale Dorika sadadziwe chifukwa chake ndidaonda.

Tsiku lina a Ignasio adakwera kudzatichezera. Atamva vutolo adati, "Aa, Gerevazio, nkhalamba yonseyi ukulira ndi kachidole? Kapotoze ndi chala kangodyako. Akuona ndani kumwamba kuno, akhwangwala?"

A Kalilangwe adayankha maso ali kutali, osandiyang'ana ine ngakhale pang'ono. "Kadapotoka ndi dzanja la munthu, Ignasio. Dzanja lomwelo lidzakawongola. Ine sindikufulumira."

Ndidafuna kuti matabwa atseguke ndigwere pansi. Ndidadikira kuti mawa andiitane. Sadandiitane. Ndidadikira kuti akanene ku ofesi. Sadanene.

Loweruka lotsatira ndidamva odi pakhomo. Ndikutuluka, ndi iwo, atasenza mapolo awiri aatali ndi zichiri zinayi, kuchokera kuphiri wapansi. Ine sadandipatse ndi moni womwe. Adati, "Amayi a Jestina, khasu lili kuti?" Adakumba maenje anayi pabwalo, adazika zichiri, adakhomera mapolo aja mbali ino ndi mbali iyo, msinkhu wa m'khwapa mwa mwana. Adawapala ndi galasi losweka kuti asamubaye. Kenaka adamunyamula Jestina n'kumuimika pakati, manja pa mapolo. Iwo adakakhala kumapeto kwake pa kampando, adatulutsa kabokosi kakang'ono kaja n'kuyamba kukapotoza pa dzuwa, osamuitana, osamunyengerera. Mwana adaona mitundu ikuzungulira. Adakoka phazi limodzi.

Ine ndidakuwa kuti, "Limodzi! Madala, limodzi! Ndiye pa sabata akhoza kufika..."

Adati, "Abambo a Jestina, kudimba kuja mwathirira?"

"Ndathirira m'mawa."

"Kathirireninso."

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse ikatha Misa, ankabwera. Mvula, dzuwa, chisanu cha Julayi. Ndipo Lamulungu lililonse ine ndinkathamangitsidwira kudimba. Chaka chino kabichi wanga adaola ndi madzi. Tsiku limodzi lokha ndidalimba mtima kuwaperekeza, ndikufuna kuulula. Tili m'njira ndidayamba kuti, "Madala, pali nkhani..." Adandidula. "Kalisto, mwana si ndime. Alibe kapitawo womudikira ndi chingwe choyezera. Iwe uzingokhala pamene iye angakuone." Ndipo adayamba kukamba za nyemba.

Bambo Kalilangwe, ndine ndidakanula kabokosi kanu. Mudadziwa kuyambira tsiku loyamba, ndikudziwa kuti mudadziwa. Koma simunamvepo kuchokera pakamwa panga, ndipo mawa lole ikutengani kupita ku Lobi. Pepani. Ndidakudyerani zilimwe ziwiri. Inu mudandibwezera ma Lamulungu makumi asanu ndi kuposa.

Ndipumeko pang'ono. Pepalali lanyowa.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri munthu uyu wakhala pamwamba pa mitengo yathu. Mbande zimene adaziona zikudzalidwa ali mnyamata, lero ndi mabenchi amene mwakhalirawo. Ndi madenga a masukulu, zitseko za nyumba zathu, mabokosi amene tidaikiramo makolo athu. Inu ocheka, oyendetsa ndi odzala mumaoneka, chifukwa mukaweruka pamakhala mulu woti n'kuloza. Mlonda akagwira bwino ntchito, palibe chooneka. Tsiku limangodutsa, mitengo ili chiimire. Masiku otero a Kalilangwe atipatsa ambirimbiri, ndipo palibe adakwerapo makwerero kukanena zikomo. Lero maso awo ayamba kuchita nkhungu. Adapita okha ku ofesi kukanena kuti utsi wa udzu ndi wa paini wayamba kufanana, ndi bwino atsike phiri lisanapse. Sadadikire kuti awauze. Ngakhale nthawi yawo yomwe adaitchula okha.

Mayi Nambewe, zikomo potibwereka amuna anu. Mwakhala mukumanga chakudya m'kansalu zaka zonsezi, mukuyang'ana kuphiri kukachita utsi. Tikukubwezerani ali athunthu, kupatula tsitsi.

Koma tikukubwezerani ndi vuto. A Ignasio, tabweretsani phukusi lija. Anzanu tonse tidapempha Bambo Mfumu, pamene ankapita kwawo ku Ulaya kukapuma, kuti atifunire. Adayenda masitolo anayi. Tsegulani, madala. Eya. Limenelo si kabokosi, ndi chibokosi. Mizere isanu. Tizigamba makumi awiri ndi tisanu mbali iliyonse.

Sabata yonseyi ku ofesi kwakhala mkangano wa nthawi imene chidzatenge. Bwana akuti chaka chimodzi, poti tsopano muli ndi masiku onse. Amayi a ku nazale akuti zaka zisanu. A Ignasio akuti tidzachite kukuikirani m'bokosi kuti mukamalizire kumwamba, kumene kulibe ntchito ina. Mayi Nambewe titawanong'oneza adati, "Nkhuni zikadzangosowa pakhomo, ndidzasonkhera chomwecho." Ine, sindinama, ndidatola khala. Ndidawerenga ngati ndime, zidatuluka miyezi khumi ndi umodzi. Ndidawerenga ngati chipika, zidatuluka zina. Kenaka ndidafufuta ndi phazi. Chimodzi chokha ndaona ndi maso anga, osamasula, Bambo Mfumu ndi mboni: pakati pake pali kachigamba kosasuntha, ngati kakang'ono kaja. Ofiira ali ndi kwawo. Simudzasochera ngati kale. Ulendo wokha ndiwo wautali. Tsiku sinditchula.

Mukakhale pa khonde ku Lobi, kumene nyemba zenizeni zili patsogolo panu. Mukadzuke dzuwa litakwera. Nkhungu ikadzaza chigwa, isakhalenso ntchito yanu, muzingoiyang'ana. Mukaona utsi kuphiri kuno, musanyowetse chala. Ndili pamwamba ine, ndipo mpeni ndidzausiya kunyumba.

Tsopano chinthu chomaliza. Mayi Nambewe, ndidakupemphani kuti mubise kabokosi ka mizere inayi, kamene ndidakatenga pa nsanja, m'dengu mwanu. Kaikeni pa tebulo, patsogolo pa bambo. Zikomo. Onani nonse: zonse zili kwawo, kupatula kangodya ako.

Madala, masabata atatu apitawa takhala tikukunamizani. Lamulungu mukabwera, timamuimika Jestina pa mapolo monga mwa masiku onse. Koma Lachiwiri lina, amayi ake akuanika zovala, adasiya mapolo yekha n'kutsata nkhuku. Tidagwirizana kuti tisakuuzeni mpaka lero. Kunyumba, pamene wapita patali, ndi mapazi asanu ndi anayi. Kuchokera pa benchi ilo kufika pa tebulo lanu ndi khumi ndi anayi. Ndayeza m'mawa ndi chingwe. Sanayendepo otere. Sindikudziwa ngati afika.

Ndikupempha nonse: musaombe m'manja, musamuitane. Akagwa musamudzutse, amadzuka yekha. A Ignasio, chotsani mwendo m'njira. Madala, inu tengani kabokosiko muzingokatembenuza, monga mumachitira.

Dorika, muimike. Musiye. Musiye, mayi, manja onse.

Jestina, ukuwaona agogo? Pita ukawapatse moni.

Limodzi. Awiri. Atatu, eya. Anayi. Asanu. Musapume mokweza, anthuni. Asanu ndi limodzi. Asanu ndi awiri. Waima. Musiyeni, akuyang'ana mitundu. Asanu ndi atatu. Asanu ndi anayi. Apa ndi pamene amakhala pansi. Akugwedezeka. Dorika, khala, usapite.

Khumi.

Ayi, ndasiya kuwerenga. Pita, mwana wanga. Pita basi.

Mugwireni, madala. Wafika.

Bambo Kalilangwe, mudati mukadzamaliza aka, mwana wanga adzakhala akuyenda. Simunaphonye ndi mphindi zisanu zomwe. Amene adachedwa ndine. Ndipatseni kabokosiko. Dzanja limene lidakapotoza lija ndi ili, lomwelo. Kofiira kwa ofiira. Koyera kwa oyera. Kamveka, kalowa.

Landirani. Katha. Tsopano kakhoza kutsika phiri.

Pitani bwino, madala, mukapume. Ambuye akusungireni maso a mitundu isanu ndi umodzi ija, ndipo yalalanje ikhale pansi masiku onse. Anzanga, imirirani. Manja aja ndidakuletsani, amasuleni tsopano, amveke mpaka pa nsanja!